Njovu Yomwe Inatsala Padambo

Mudzi wa Chimwala,
Mwase Lundazi.
Epulo 2025.

Okondedwa bambo a Lilly,

Muli uli kumeneko, a Nyirenda? Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli amphamvu, inu pamodzi ndi anzanu onse apantchito. Kodi chifuwa chija munkadandaula pafoni chinatha? Kuno tili makola ndithu, palibe chovuta. Amama anu ali bwino, kupatula mawondo aja amene sawapatsa mtendere kunja kukazizira. Lilly dzino lake loyamba laguluka, ndipo wakana kuliponya padenga. Akuti akusungirani kuti mudzalione kaye.

Mwina mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Koma foni yake iti? Inu mukakwera kaphiri kanu kukafuna netiweki, ine ndimakhala ndili kudimba. Ine ndikakwera pachulu chathu chija, inu mumakhala muli m'tchire ndi ana a njovu. Tikapezananso, mawu amadukaduka, ndipo timangothera pofunsana za mvula. A Cathrine, mayi aja a bungwe lanu losamalira njovu amene amayendera alimi kuno, andiuza kuti galimoto yawo ikupita ku Lusaka ndipo akufikitsirani kalatayi pamanja. Ndiye lero ndakhala pansi kuti ndilankhule zonse popanda chondidula.

Ino ndi mvula yachitatu chichokereni inu pakhomo pano. Nthawi zambiri ndikamathirira repu ndimayang'ana chitsime chija n'kumakumbukira m'mawa uja munapezamo kamwana ka njovu kali m'matope mpaka m'khosi, mayi wake atapita. Munalowamo n'kugwira chitamba chake kuti chisamire. Ndinakuitanani kangapo kuti mudzadye, inu osatuluka, mpaka a gemu oteteza nyama ndi anthu a bungwe atafika.

Atakatulutsa, kanakana botolo la mkaka kwa wina aliyense koma inu nokha. Anakatcha Chisime poti kanapezeka m'chitsime, ndipo anakupemphani kuti mukaperekeze kumalo osungirako ana a njovu amasiye, masabata awiri okha. Munanyamula kachikwama kakang'ono kaja. Masabata awiriwo anasanduka ntchito, ndipo tsopano timakuonani pa Khirisimasi ngati mlendo.

Sindikubisirani, Chisime ndakhala ndikumuchitira nsanje ngati mkazi mnzanga. Iye mumamufunditsa bulangete, mumamudyetsa, akadwala simuchoka pambali pake. Ine malungo atandigwira mu Febuluwale, madzi akumwa ankandipatsa ndi amama.

Tsopano imvani za kuno. Njovu zabweranso. Zinadutsa malire kuchokera kunkhalango ya Kasungu chimanga chitangoyamba kukhwima, n'kulowa m'minda ya kumunsi kwa mudzi. Munda wathu zinadya mbali ya kumtsinje yokha. Mizere ya kumtunda yatsala, ndipo mtedza sizinauwononge kwambiri. Musade nkhawa, sitigona ndi njala.

Koma a Nason, oyandikana nafe munda aja, zawamaliza. Mukudziwa mmene analimbikirira chaka chino, okhaokha, akazi awo akudwaladwala. M'mawa mwake ndinapita kukaona. Munda wonse unali see ngati bwalo la mpira, mapesi ali mbwee pansi. Ndinawapeza akutola chimanga chopondedwa n'kumaponya m'thumba. Ndinawapatsa moni, koma sanadzutse mutu.

Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kundiyang'ana mwachilendo. Kumjigo mayi wina ananena mokweza, akuyang'ana kumbali, kuti pali amuna ena amene amayamwitsa njovu ndi botolo kuti zikule bwino zidzatidyere chimanga. Anzake anaseka. Lilly anabwera kuchokera kusukulu akulira, akuti anzake akumutcha mng'ono wake wa njovu.

Tsiku lomwelo ndinayamba kukulemberani kalata ina, yaukali. Ndinalemba kuti musankhe, ife kapena Chisime. Nditaiwerenga ndinachita nayo mantha, ndipo ndinayatsira moto.

Patapita masiku angapo, ndinalawirira kudimba kukathyola repu woti mayi wina wogulitsa pamsika wa Lundazi adzatenge. Ndikudutsa padambo la kumunsi kwa munda wa a Nason, ndinamva kupuma kwamphamvu m'bango. Nditasuzumira, ndinaona njovu. Sinali yakhanda ngati Chisime, komanso sinali yaikulu. Minyanga yake inali yaifupi ngati mkono wanga kuchokera pachigongono.

Inaima ndi miyendo itatu. Mwendo wakutsogolo unali utatupa ngati mtondo, waya atalowa m'mnofu mpaka osaoneka bwino, ntchentche zili ng'waa. Zinzake zinali zitaisiya. Inandiyang'ana, n'kutambasula makutu, koma sinasunthe. Ine ndinataya beseni n'kuliyatsa liwiro.

Ndinakapezeka ndili pachulu, foni ili kukhutu, ndikuimbira a Cathrine. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandituma, chifukwa mtima wanga unali usanakhululukire njovu iliyonse. Iwo anandiuza kuti ali kuboma, dokotala wa nyama ali ku Chipata, ndipo sangafike lisanapendeke dzuwa. Anandipempha kuti ndisaiyandikire, komanso ndiyesetse kuti anthu asaiyandikire.

Pamene ndinkabwerera kudambo, nkhani inali itafala kale. Amuna anali akutsetsereka ndi nkhwangwa ndi mikondo, wina atatenga agalu. Kumbuyo kwawo kunali amayi ndi mabeseni otengera nyama. Patsogolo pa onse panali a Nason.

Mukudziwa kuti kanjira kolowera padambo paja n'kamodzi, pakati pa bango ndi ngalande. Ndinaima pamenepo n'kuwauza kuti a bungwe ndi a gemu ali m'njira, tidikire.

A Nason anandiyang'ana ndi maso ofiira. Anati, NyaZimba, ife tikalira za minda yathu palibe amene amathamanga, koma njovu ikamva kupweteka mwendo galimoto imanyamuka tsiku lomwelo. Anandifunsa ngati ine ndidzadyetse banja lawo mpaka chaka chamawa. Kenaka ananena mawu amene anandilasa. Anati amuna anu amadyera njovu, pamene ife njovu zikutidya.

Bambo a Lilly, munthuyo sankanama pa zonse. Ndinangokhala pansi pakanjira pomwepo. Sikunali kulimba mtima ayi. Kuima kunandikanika, ndipo kuchoka kunandikanikanso.

Ndili chikhalire choncho, ndinamva ndodo ikugogoda kumbuyo kwa anthu. Anali amama. Inde, amama omwe aja amene tsiku lililonse amadandaula kuti anabereka mwana wamwamuna kuti akhale mlezi wa nyama zakutchire. Anadutsa pakati pa amunawo osapempha njira, n'kudzakhala pambali panga, n'kutulutsa kabotolo kawo ka fodya wamphuno.

Atafwenkha, anauza gulu lonse kuti iwo sanabwerere njovuyo, ndipo ikanafera kwina sakanalira. Koma anati mwana wawo Obby, inuyo, akulera ina ngati yomweyi, ndipo iyi ikaphedwa m'mudzi mwake momwe, adzalowa ndi nkhope yanji pakhomo pake? Anati iwo akalamba, akufuna mwana wawo azibwera kwawo osachita manyazi. Kenaka anatembenukira kwa a Nason n'kuwafunsa mofatsa kuti akakamangidwa chifukwa cha nyama ya tsiku limodzi, akazi awo odwalawo adzawatembenuza ndani pamphasa.

Akazi awiri a kukwaya kwathu anatula mabeseni awo n'kudzakhala nafe. Amunawo akanafuna akanalambalala kudzera m'ngalande, koma sanatero. Anakangana okhaokha kwa nthawi, ena n'kubwerera kumudzi, ena n'kukakhala pansi pa mkuyu wa m'mbali mwa dambo. A Nason okha sanakhale pansi. Anaima padzuwa tsiku lonse, nkhwangwa ili paphewa, akuyang'ana kubango.

Tsikulo linatalika. Njovu inkati ikabuula, agalu n'kuyamba kuuwa, mtima wanga n'kudumpha. Ndinkangoyang'ana kumsewu ngati mmene ndimayang'anira minibasi iliyonse ikaima pasiteji mwezi wa Disembala.

Magalimoto anafika dzuwa litapendeka. Dokotala wa nyamayo, bambo wamfupi wa ndevu zambiri, anazembera m'bango ndi a gemu awiri n'kuilasa ndi mfuti ya mankhwala ogonetsa. Njovu inalira kamodzi, inadzandira, kenaka n'kugwa. Koma inagwa chafufumimba m'matope, chifuwa pansi. Dokotala anatuluka akufuula kuti ikakhala choncho ilephera kupuma, pakufunika amuna ambiri kuti aigubuduze igonere nthiti.

Anthu amene anabwera nawo anali ochepa. Anamanga chingwe n'kukoka, njovu osasuntha. A Cathrine anathamangira kumkuyu kukachonderera amuna aja, iwo n'kumangoyang'anana. Ndiye ndinaona a Nason akuponya nkhwangwa pansi. Ananena mokalipa kuti tiyeni tiichize ichoke pano, atopa kuiona. Anagwira chingwe patsogolo, ndipo anzawo onse anadzuka n'kuwatsatira. Anakoka ndi nyimbo ija mumakokera ngolo ikatitimira, mpaka njovu inagubuduka.

Dokotala anaitanitsa madzi ambiri oti azithira pathupi pake kuti isatenthedwe. Mabeseni omwe aja anabwerera nyama ndi amene anatunga madziwo. Amayi anandandalika kuchokera kumtsinje, akupatsirana, ena akuseka okha kuti taonani zimene tikuchita lero.

Ine a Cathrine anandikoka dzanja n'kundikhazika kumutu kwake. Anandipatsa nsonga ya chitamba kuti ndiigwire isalowe m'matope, ndipo anati ndizimvetsera kupuma kwake, kukayamba kuchedwa ndiwauze msanga.

Bambo a Lilly, sindinkadziwa kuti chitamba chimalemera ngati mwana amene wagona tulo pamiyendo. Sindinkadziwa kuti chili ndi tiubweya tolimba tobaya m'manja, ndiponso kuti kunsonga kwake n'kofewa chonchija. Mpweya wake wotentha unkandiwomba pamkono, kutuluka, kulowa, kutuluka.

Kenaka ndinamva fungo. Linali fungo lanu. Mutabwera pa Khirisimasi ndinachapa jekete yanu kawiri, koma fungo lija la dothi ndi udzu wophwanyika silinachoke, ndipo ndinakunenani kuti mukununkha tchire. Mutapita ndinapeza malaya anu amodzi mutawaiwala pamsomali kuseri kwa chitseko. Sindinawachape mpaka lero. Tsopano fungo lomwelo linali pamiyendo panga, likupuma.

Misozi inangoyamba yokha. A Cathrine anaganiza kuti ndi mantha, anafuna kundilandira, koma ndinakana. Sindikanatha kuchisiya. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene simunatulukire m'chitsime tsiku lija ngakhale ndinakuitanani mpaka mawu kusasa. Chinthu chikamapumira m'manja mwako, njala suyimva.

Dokotala anadula waya uja n'kuusolola pang'onopang'ono. Unali msampha wa nguluwe, ndipo palibe akudziwa amene anautchera. Anatsuka bala, anapakamo mankhwala, anaibaya majakisoni angapo, kenaka anatiuza tonse kuti tikwere kumtunda. Ndinaika chitamba chija pa udzu wouma bwinobwino ndisanachoke.

Tili kumtunda tinaona khutu likugwedezeka. Inadzutsa mutu, inayesa kuima n'kugwa, inayesanso n'kuima. Inaponda mwendo uja pang'ono ngati munthu woyesa madzi ozizira. Kenaka inatembenuka n'kuyamba kutsimphina kulowera kum'mawa, a gemu akuitsatira chapatali. Palibe anaomba m'manja. Tonse tinangoiyang'ana mpaka itabisika m'mitengo. Sabata yatha a Cathrine anandiuza kuti anzawo a kutsidya kwa malire anaiona ili m'gulu la zinzake, ikutsimphinabe koma ikudya.

Musaganize kuti zonse zakoma. Chimanga cha a Nason sichinabwerere. A Cathrine anawauza mosabisa kuti bungwe silingathe kubweza zimene njovu zadya. Chimene anabweretsa ndi mbewu ya tsabola ndi ming'oma ya njuchi yoti tiziika m'malire a minda, poti akuti njovu zimadana nazo. A Nason analandira osathokoza ngakhale ndi yewo. Amayi a kumpingo tasonkherana chimanga choti chiwafikitse patsogolo, ndipo ine ndatapa pa mizere yathu ya kumtunda. Ndikhulupirira simundidzudzula. Masiku ano a Nason amandiyankha moni, ngakhale mwachidule.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Tikubwerera kumudzi madzulo a tsiku limenelo, amama anatsamira paphewa panga chifukwa cha mawondo. Tili pakati pa njira anandiuza kuti anaona mmene ndinakhalira pansi paja, ndi mmene ndinkalavulira malovu, ndipo anandifunsa kuti ndidzawauza liti. Ndinkadzikayikira kale, koma ndinkaopa kuyembekezera chinthu chimene mwina palibe. Ndinapita kukiliniki ndipo anamwino atsimikiza. Ndili ndi pakati, bambo a Lilly. Akuti tiyembekezere chakumapeto kwa Seputembala, mvula isanayambe.

Sindinafune kukuuzani pafoni, kuti mawu adukire pakati inu n'kumafunsa kuti wati chiyani. Ndinafuna muwerenge nokha, mubwerezenso ngati mufuna, muli pamalo pamene mungathe kukhala pansi.

Ndinafunsa a Cathrine kuti Chisime adzaloledwa liti kubwerera kutchire. Anandiuza zoona, kuti njovu imakula pang'onopang'ono ngati munthu, ndipo padzapita zaka zambiri. Mtima wanga unagwa. Koma anatinso olera alipo angapo, amasinthanasinthana dala kuti mwana wa njovu asazolowere munthu mmodzi, ndipo Chisime tsopano amalandira botolo kwa anzanu.

Anandiuzanso kuti bungwe likufuna munthu wokhazikika kuno ku Mwase, woti aziyenda ndi alimi pa nkhani ya tsabola ndi njuchi, ndi kuchenjeza midzi njovu zikadutsa malire. Akufuna munthu wozidziwa njovu, amenenso anthu a kuno amamudziwa. Sanandilonjeze kanthu, ndipo anati amene angapemphe ndi inu, osati ine.

Ndiye ndikukupemphani, a Nyirenda. Sindikunena kuti ntchito yanu ndi yachabe. Ndaigwira ndi manja anga tsiku limodzi, ndipo sindidzainyozanso. Sindikunenanso kuti muthawe mawa kumusiya Chisime akukufunafunani. Mutsanzikeni pang'onopang'ono, mmene inu mukudziwira. Koma pitani kwa akuluakulu anu mukapemphe malo a kunowo.

Ntchito ya kuno idzakhala yowawa kuposa ya uko. Kumeneko njovu zimakukondani. Kuno mudzayenera kuima pamaso pa anthu ngati a Nason, amene ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo ena adzakutukwanani. Koma madzulo mudzabwerera m'nyumba mwanu, ndipo madzi osamba mudzawapeza ali otentha.

Ndakusowani. Ndasowa kumva njinga yanu ikulira mabuleki potsetsereka pachigayo. Ndasowa kukangana nanu za mizere yokhota. Ndikaphika ndimapezeka ndatulutsa mbale yanu, kenaka n'kuibweza mwakachetechete kuti Lilly asaone. Pamene Lilly ankabadwa munazungulira kiliniki yonse mpaka alonda kukukhazikani pansi. Ndikufuna uyunso adzamve kuti bambo wake anali panja pomwepo.

Ngati sizitheka, ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Ndidzapirira monga ndapiririra. Koma yesani kaye.

Amama akupereka moni, ndipo akuti ndikuuzeni kuti denga la khitchini likudontha ndipo iwo sakwera. Lilly akuti mumubweretsere chithunzi chanu muli ndi Chisime kuti akaonetse anzake aja. Alongo anu a ku Magodi anadutsa sabata yatha ndipo ali bwino ndi ana onse. Mundiperekere moni kwa a Bwezani amene mumagona nawo chipinda chimodzi, ndi anzanu onse olera njovu. Muwauze kuti kuno kuli mayi wina amene tsopano akudziwa kulemera kwa ntchito yawo.

Chisime nayenso mumusisite pachitamba m'malo mwanga. Mumuuze kuti sindimuda. Koma mumuuzenso kuti munthu amene anamutulutsa m'chitsime ali ndi kwawo, ndipo kwawoko akumudikira.

Chiuta akusungeni, akutetezeni m'tchiremo, ndipo akutsegulireni njira yobwerera kwa ife.

Ndine mkazi wanu wokukondani,
Faides NyaZimba